Ndani amalozera mlendo kwa loya? Za ziphaso ndi bizinesi m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay

Aliyense amene wayendapo pamsewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa kulowera kumpoto amadziwa kuti akangodutsa Tukombo, zikwangwani zoloza kunyanja zimayamba kuchuluka. Pa Kande, pa Bandawe mpaka pa Chintheche, timisewu tafumbi timapatukira kumanja kukathera pamalo ogona alendo. Ena mwa malowa ndi a Amalawi, ena ndi a anthu ochokera kunja, pomwe ena eni ake ndi ogwirizana a mbali zonse ziwiri.

Kuseri kwa bizinesi iliyonse ya munthu wakunja kuli mulu wa zikalata: chilolezo chokhalira m'dziko muno, lizi ya malo, chiphaso cha kampani, nambala ya msonkho ndi laisensi yosungira alendo. Chimodzi chikasowa kapena chikatha mphamvu, bizinesi ikhoza kutsekedwa. Ikatero, amayamba kumva kuwawa ndi wophika, mlonda, woyendetsa boti ndi mayi wogulitsa masamba pakhomo la khitchini, pakuti mwini wake akhoza kukwera ndege n'kubwerera kwawo.

Maloya ambiri a m'chigawo chakumpoto ali ku Mzuzu, komwe kuli nthambi ya bwalo lalikulu la milandu komanso ofesi ya chigawo yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Kuchokera ku Chintheche kukafika kumeneko ndi mtunda wa makilomita oposa 80, ndipo wochokera ku Usisya amadalira msewu wovuta wodutsa m'mapiri kapena kudikira sitima ya Ilala. Tsono loya ndi munthu womufuna amakumana bwanji? Nthawi zambiri pamakhala munthu wachitatu wowalozera. Munthu wachitatuyu ndiye mutu wa nkhani yathu: ndani ayenera kukhala pamalo amenewa, malamulo amalola chiyani, ndipo ngozi yake ili pati.

Nkhani yakale m'boma lino

Zoyenda ndi ziphaso sizachilendo kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, anyamata a m'derali adayamba msanga kuphunzira sukulu, ndipo ambiri adatenga maphunziro awowo kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa. Katswiri wofufuza za chikhalidwe, Jaap van Velsen, yemwe adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti nthawi iliyonse amuna oposa theka ankakhala ali kunja kwa dziko.

Mmodzi mwa ana odziwika a boma lino, Clements Kadalie wa ku Chifira, adakhazikitsa bungwe la apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town mu 1919. Chakumapeto kwa 1920 boma la South Africa lidalamula kuti apirikitsidwe m'dzikomo. Anzake omudziwa ndi odziwa malamulo adalowererapo, lamulolo lidafafanizidwa, ndipo Kadalie adakhalabe m'dzikomo mpaka pomwe adamwalira ku East London mu 1951. Ngakhale munthu wolimba mtima ngati iyeyo adafunika womulozera khomo loyenera kugogoda.

Lero njira zilipo ziwiri. Ana a boma lino akupitabe ku Joni, ndipo anthu akunja akubwera kudzachita bizinesi m'mbali mwa nyanja, makamaka yokopa alendo. Chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chidayambira ku Chintheche mu 2004, chidathandiza kutchukitsa gombeli. Kuonjezera apo, m'bomali muli minda ikuluikulu monga wa mphira wa Vizara ndi wa tiyi wa Kawalazi, komanso mabungwe omwe si aboma ndi a mipingo amene nthawi zina amaitana akatswiri kuchokera kunja. Onsewa amakhudzidwa ndi malamulo a zolowa ndi kutuluka.

Ziphaso zake ndi ziti?

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Immigration Act ya 1964, ndipo amaliyendetsa ndi a nthambi ya Immigration and Citizenship Services. Pali zilolezo zingapo zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri.

Choyamba ndi chilolezo cha mlendo wodzacheza. Nthawi zambiri chimakhala cha masiku 30, ndipo chimatha kuonjezeredwa mpaka masiku 90. Mwini chilolezochi akhoza kusambira pa Kande, kukwera Ilala ndi kuyendera malo amene akuganiza zodzatsegulapo bizinesi, koma saloledwa kulembedwa ntchito kapena kuyendetsa bizinesi. Mu Febuluwale 2024 boma lidachotsa viza kwa nzika za maiko 79, koma kulowa mopanda viza sikudatanthauze kuti munthu waloledwa kugwira ntchito. Ndondomeko za viza zimasinthasintha, choncho ndi bwino kufunsa kuofesi musanamuuze mlendo kuti anyamuke.

Chachiwiri ndi Temporary Employment Permit, mwachidule TEP, cha munthu wakunja amene walembedwa ntchito. Amapempha ndi bwana wolemba ntchitoyo, ndipo ayenera kuonetsa kuti luso limenelo adalisowa pakati pa Amalawi. Chimakhala cha zaka zosapitirira ziwiri, ndipo chimamangirira munthu ku ntchito imodzi ndi bwana mmodzi. Manijala amene wachoka pa loji ya ku Chintheche n'kukayamba pa ina ku Kande sangapitirize ndi chilolezo chakale.

Chachitatu ndi Business Residence Permit, mwachidule BRP, cha munthu wodzayendetsa bizinesi yakeyake. Chimakhala cha zaka zisanu ndipo chimatheka kuchionjezera. Wopempha amayenera kuonetsa kuti mpamba wake wachokera kunja kudzera kubanki, kuti bizinesi idalembetsedwa, kuti ali ndi dongosolo la momwe idzayendere, komanso kalata ya apolisi akwawo yotsimikiza kuti alibe mbiri ya milandu. Bungwe la Malawi Investment and Trade Centre, lomwe limadziwika kuti MITC, ndilo khomo limene boma lidakonzera odzakhazikitsa bizinesi kuchokera kunja.

Palinso chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, cha ophunzira ndi zina. Kusiyana kwake kumaoneka ngati kwapapepala chabe, koma munthu wopezeka akugwira ntchito ndi chilolezo cholakwika akhoza kuimbidwa mlandu ndi kubwezedwa kwawo, ndipo womulemba ntchito nayenso amakhala pamlandu.

Loya safika poyamba

Tiyerekeze kuti banja lina lochokera ku Ulaya lafika ku Kande patchuthi, laikonda nyanja, ndipo likuganiza zomanga timanyumba ta alendo. Funso loyamba salifunsa loya. Amafunsa mwini loji imene agona, woyendetsa galimoto amene adawatenga ku bwalo la ndege, mnyamata wowaperekeza kokaona nsomba, kapena nyakwawa imene yawaonetsa malo. Pofika kwa loya amakhala atalipira kale ndalama za malo, mwina atayamba n'kuumba njerwa.

Ichi n'chifukwa chake loya wofuna kugwira ntchito ya ziphaso za bizinesi sangangokhala muofesi ku Mzuzu kudikira. Ayenera kudziwana ndi anthu amene mlendo amakumana nawo poyamba, kuti mlendoyo atumizidwe kwa iye zinthu zisanaonongeke. Anthu otere ali m'magulu angapo.

Gulu loyamba ndi la akatswiri owerengera ndalama. Iwo ndiwo amathandiza kulembetsa bizinesi ku Malawi Revenue Authority, kukonza mabuku ndi kuwerengera misonkho ya antchito. Akauntanti amaona msanga ngati pamndandanda wa malipiro pali dzina la munthu wakunja wopanda TEP. Naye loya amafuna akauntanti, chifukwa poonjezera BRP boma limafuna umboni woti bizinesi ikuyendadi ndipo ikukhoma msonkho.

Gulu lachiwiri ndi la mabanki. Mpamba wochokera kunja uyenera kulowa kudzera kubanki ndi kulembetsedwa motsatira ndondomeko za Reserve Bank of Malawi. Munthu amene wabwera ndi madola m'chikwama n'kusinthitsa pamsika wamseri amadzavutika kawiri: alibe umboni wa mpamba popempha chilolezo, ndipo sadzatha kutumiza phindu kwawo mwalamulo. Wogwira ntchito kubanki amene amadziwa loya wodalirika akhoza kupulumutsa munthu wotere pa tsiku loyamba.

Gulu lachitatu ndi la oyeza malo, ogulitsa malo ovomerezeka ndi maofesi a za malo kukhonsolo. Lachinayi ndi la eni malo ogona alendo amene adakhazikika kale, pakuti mlendo amakhulupirira mnzake amene adadutsa njira yomweyo. Lachisanu ndi la mabungwe ndi mipingo yoitana antchito ongodzipereka. Ambiri amaganiza kuti munthu wosalandira malipiro safunika chilolezo, pomwe nkhani yake siyophweka chotero, ndipo ndi bwino kufunsa munthuyo asanafike.

Mafumu ndi nkhani ya malo

Gulu lofunika kulisamala mwapadera ndi la mafumu. Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira kwa Fukamapiri ndi kwa Malengamzoma mpaka kwa M'bwana ku Usisya, ndi a makolo. Malamulo a malo a 2016, omwe adaunikidwanso mu 2022, adakhwimitsa njira yoti munthu yemwe si nzika apezere malo. Mlendo sangagule malo a makolo ngati momwe amagulira mbuzi pamsika wa Mpamba. Chimene angapeze ndi lizi ya zaka zowerengeka, kudzera m'maofesi a boma, ndipo pa malo a bizinesi MITC imakhudzidwa.

Kalata yolembedwa pamanja, yosainidwa ndi mwini munda ndi kudindidwa ndi nyakwawa, siyimupatsa mlendo umwini umene akuganiza kuti wagula. Imabweretsanso mavuto kumudzi. Pakapita zaka, ana a mwini munda amene adali ku Joni amabwera n'kufunsa kuti dimba la agogo lidapita bwanji. Asodzi amapeza mpanda pamalo pomwe ankakokera ngalawa ndi kuyanika usipa. Mkangano umene ukadapewedwa ndi kukambirana kwa tsiku limodzi umatha zaka kubwalo la milandu.

Loya wanzeru amayendera mafumu ndi makomiti a za malo, kukhala nawo pansi ndi kuwafotokozera malire a mphamvu zawo pansi pa malamulo atsopano. Mfumu imene yamvetsa izi, ikadzafikiridwa ndi mlendo wofuna malo, idzati: "Pitani kaye mukaonane ndi odziwa malamulo komanso a ku khonsolo, mukabwere tidzakambe." Mawu amenewa amateteza mlendo, mudzi ndi ulemu wa mfumuyo. Pantchito zikuluzikulu za m'mbali mwa nyanja pamafunikanso kuunika momwe chilengedwe chidzakhudzidwire, malinga ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo apa loya amatumiza kasitomala wake kwa akatswiri a ntchito imeneyo.

Pomwe malamulo adalemba malire

Funso limene limabwera msanga n'lakuti: wolozerayo apindula chiyani? M'malonda ambiri yankho ndi komishoni. Wopezera mwini minibasi okwera amalandira kangachepe, ndipo palibe amadabwa. Pa uloya zinthu n'zosiyana. Lamulo loyendetsera maphunziro ndi ntchito za maloya, Legal Education and Legal Practitioners Act, pamodzi ndi mfundo za khalidwe za bungwe la Malawi Law Society, sizilola loya kulipira munthu kuti azimusakira makasitomala, kapena kugawana malipiro ake ndi munthu amene si loya. Wochita zimenezi akhoza kulangidwa, ngakhale kuchotsedwa m'kaundula wa maloya.

Chifukwa chake n'chomveka. Wolozera akamalandira ndalama pa mutu uliwonse, amatumiza munthu kwa loya wolipira bwino, osati wodziwa ntchito. Ndalama ya komishoniyo imabisidwa m'malipiro a kasitomala. Choopsa kwambiri n'chakuti loya amayamba kuopa kukhumudwitsa womubweretsera anthu. Ngati wogulitsa malo ndiye wabweretsa wogula, kodi loya amene amadya naye adzalimba mtima kuuza wogulayo kuti malowo ali ndi mkangano?

Malire achiwiri ndi a ziphuphu. Ofesala wa boma, kaya wa Immigration padoko la Nkhata Bay kaya wa kukhonsolo, akhoza kuuza munthu kuti nkhani yake ikufunika loya. Koma akayamba kulozera kwa loya mmodzi yekha n'kumalandirapo kanthu, onse awiri agwa m'lamulo la Corrupt Practices Act, lomwe amalilondoloza ndi a Anti-Corruption Bureau. Pamenepa m'pomwe loya amasiyana ndi dobadoba. Dobadoba amagulitsa lonjezo loti amadziwana ndi wamkati. Loya amagulitsa kudziwa malamulo, ndipo sangalonjeze kuti chilolezo chituluka, chifukwa wopereka chilolezo ndi boma.

Malire achitatu ndi a ndalama zokayikitsa. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limafuna kuti maloya, owerengera ndalama ndi ogulitsa malo adziwe bwino kasitomala wawo ndi gwero la chuma chake, ndipo akakayikira adziwitse Financial Intelligence Authority. Kunena kuti munthuyu adatumizidwa ndi mnzanga wodalirika sikumuchotsera loya udindo umenewu. Aliyense wobwera, kaya walozeredwa ndi bishopu kaya ndi mfumu, afufuzidwe mofanana.

Tsono mgwirizano wabwino umakhala wotani?

Ngati ndalama siziloledwa, chimamanga ubale ndi phindu la ntchito yeniyeniyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani ya mlendo wodzatsegula bizinesi ndi denga lolemera: loya, akauntanti, banki ndi woyeza malo aliyense ali ndi mbali yake. Akauntanti akatumiza kasitomala kwa loya wabwino, bizinesi ya kasitomalayo imakhazikika ndipo akauntantiyo amakhala ndi ntchito zaka zambiri. Loya naye amatumiza anthu ake kwa akauntanti pomwe pakufunikadi kutero. Mwini loji amene manijala wake ali ndi chilolezo choyenera amagona tulo.

Pali njira zingapo zimene loya angatsate pomanga maubale otere. Yoyamba ndi kufufuza mnzakeyo asanayambe kutumizirana anthu. Akauntanti akhale wolembetsedwa kubungwe la ntchito yake, woyeza malo akhale ndi laisensi. Kutumiza kasitomala kwa munthu wachinyengo kumaipitsa dzina la wotumizayo.

Yachiwiri ndi kuphunzitsa. Loya akhoza kugwirizana ndi khonsolo kapena gulu la eni malo ogona alendo n'kukonza tsiku ku Chintheche lofotokozera kusiyana kwa TEP ndi BRP, nthawi yoyenera kuyamba kuonjezera chilolezo, ndi zikalata zofunika. Kapepala ka tsamba limodzi m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitonga kangathandize kuposa chikwangwani chachikulu. Anthu amakumbukira amene adawathandiza kumvetsa chinthu. Kuphunzitsa kotere kuyenera kukhala kophunzitsadi, kosatamanda ofesi ya loyayo kapena kunyoza anzake, pakuti malamulo a uloya amaikanso malire pa kudzitsatsa.

Yachitatu ndi kulemba zomwe agwirizana, ngakhale mwachidule: kuti palibe komishoni, kuti kasitomala ali ndi ufulu wosankha loya wina, ndi kuti wolozera asalandire pasipoti, ndalama kapena zikalata m'dzina la loya. Ndi bwinonso kuti wolozera azitchula maloya awiri kapena atatu, munthu asankhe yekha.

Yachinayi ndi kusunga chinsinsi. Wolozera amafuna kudziwa ngati munthu wake adathandizidwa, ndipo loya akhoza kumuthokoza ndi kumuuza kuti adafika. Zoposa apo ndi za kasitomala. Kudera laling'ono ngati Kande, komwe aliyense amadziwa galimoto ya mnzake, mawu amodzi otayika pa bala akhoza kufika kwa mpikisano wa bizinesi dzuwa lisanalowe.

Yachisanu ndi kunena poyera kuti kasitomala ndani. Mwini loji akatumiza manijala wake wakunja, loya akuimira bwana kapena wantchito? Zinthu zikamayenda bwino funsoli limaoneka lopanda pake. Tsiku limene awiriwa adzayambane, chilolezo cha wantchito chili m'manja mwa bwana, loya amene sadafotokoze mbali yake kuyambira pachiyambi adzapezeka pakati pa moto. Chimodzimodzi pa malo: loya mmodzi asaimire wogula ndi banja lopereka malo nthawi imodzi. Banja losauka likhoza kulozeredwa ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Mzuzu, kuti nalonso limve malangizo akeake.

Yachisanu n'chimodzi ndi kuyankha msanga ndi kusunga kalendala. Munthu wa ku Usisya sangabwere ku Mzuzu katatu chifukwa cha pepala limodzi loiwalika. Mndandanda wathunthu wa zofunika utumizidwe pa foni ulendo usanayambe, ndipo loya azikumbutsa kasitomala miyezi ingapo chilolezo chisanathe. Wolozera amene waona munthu wake akuthandizidwa motere adzatumizanso wina popanda kupemphedwa.

Msampha wa dzina lobwereka

Pali njira yachidule imene anthu ena olozera amalangiza alendo: kulembetsa bizinesi kapena malo m'dzina la Mmalawi, mwina mlonda, bwenzi kapena mkazi wokwatiwa mwamwambo chabe, pomwe mwini weniweni ndi mlendoyo. Poyamba onse amaona ngati apindula. Koma pamaso pa malamulo, mwini dzina ndiye mwini ngongole. Bizinesi ikagwa, a msonkho, antchito osalipidwa ndi banki amalondola dzina lolembedwa pachikalata, mlendo atapita. Mbali inayo, mwini dzina akasintha maganizo kapena akamwalira, abale ake akhoza kutenga zonse, ndipo mlendo sangadandaule kubwalo popanda kuulula kuti adazembera lamulo.

Mgwirizano weniweni wa Mmalawi ndi mlendo ndi wololedwa, ndipo ndi wabwino. Lamulo la makampani la 2013 limapereka njira yolembera magawo a aliyense, udindo wake ndi momwe angasiyanirane. Loya woona amakana dzina lobwereka ngakhale wobweretsa nkhaniyo ali bwenzi lake lakale, ndipo wolozera amene amaumirira njira zotere ndi woyenera kusiyana naye.

Njira ya ku Joni

Mbali ina ya ntchitoyi ikukhudza ana a boma lino amene ali ku South Africa kapena akufuna kupitako. Loya wa ku Malawi saloledwa kugwira ntchito ya uloya m'dzikomo popanda kuvomerezedwa komweko, choncho amafunika mnzake wolembetsedwa ku Legal Practice Council ya ku South Africa woti azimutumizira nkhani. Mnzakeyo naye amafuna loya wa kuno pomwe kasitomala wake akufuna zikalata za kumudzi, akugula malo ku Chintheche, kapena wamwalira n'kusiya chuma mbali zonse ziwiri.

Ubwino wa ubale wotere ndi woti munthu amauzidwa zoona asanagulitse ng'ombe kapena boti. Mmalawi amalowa m'dziko la South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, koma izi sizimulola kugwira ntchito. Malinga ndi ndondomeko zimene zidayamba mu 2014, viza ya bizinesi imafuna mpamba wa R5 miliyoni, pokhapokha boma la kumeneko litachepetsa pa mitundu ina ya bizinesi, ndiponso antchito 60 mwa 100 alionse akhale nzika kapena okhazikika m'dzikomo. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, ndipo zaka zisanu ngati wapitirira kuposa apo. Kawirikawiri munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha n'kupempha viza ya ntchito ali konko. Ayenera kupempha ali kwawo.

Choncho amene akulonjeza "pepala la bizinesi" la ku Joni pa ndalama zochepa akugulitsa chinyengo, ndipo mathero ake amakhala ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Apa loya ayenera kusamala kwambiri posankha ogwirizana nawo. Matransipota ndi olonjeza ntchito zakunja amadziwa anthu ambiri, koma ena mwa iwo amachita zinthu zoyandikana ndi kuzembetsa anthu, mlandu umene lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limaulanga ndi zaka zofika 14 m'ndende, ndipo zoposa apo ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Ogwirizana nawo abwino ndi mipingo, magulu a Amalawi okhala kunja, komanso maofesi a kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg.

Palinso matchona ndi ana awo obadwira kunja amene akufuna kubwerera kudzamanga loji kapena sitolo kumudzi. Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018, koma munthu ayenera kutsata ndondomeko yake kuti unzika wa Malawi utsimikizike. Asanatero, pa nkhani ya malo ndi bizinesi akhoza kuonedwa ngati mlendo pamudzi wa agogo ake omwe. Malume amene akusunga malo a mphwake wa ku Cape Town angachite bwino kumulozera kwa loya njerwa zisanaotchedwe.

Zoyenera kufunsa musanapereke pasipoti

Kwa inu amene mwalozeredwa kwa loya, kaya ndinu mlendo, mwini loji, mfumu kapena kholo la mwana amene ali ku Joni, safunsa adadya phula. Funsani wokulozeraniyo ngati akulandirapo kanthu. Tsimikizani ku Malawi Law Society kuti loyayo ali ndi laisensi ya chaka chimenecho, pakuti laisensi ya uloya imatengedwa chaka ndi chaka. Pemphani kalata yosiyanitsa malipiro a loya ndi ndalama za boma, ndipo pa ndalama za boma muone lisiti ya boma. Kumanani ndi loyayo maso ndi maso, kapena lankhulani naye mwachindunji pa foni, osangodalira mthenga. Sungani makope a chikalata chilichonse chimene mwapereka. Wina akakulonjezani kuti chilolezo chituluka mawa chifukwa ali ndi munthu wake mkati, tengani pasipoti yanu muchoke.

Kwa olozera, dzina lanu limapita limodzi ndi munthu amene mwamutumiza. Akathandizidwa bwino adzakukumbukirani, ndipo akaberedwa adzabwerera pakhomo panu, chifukwa loya ali ku Mzuzu koma inu muli pomwepo pa Kande.

Boma la Nkhata Bay, lomwe pakalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 280,000, likufuna ntchito, ndipo gombe lake ndi chimodzi mwa zinthu zimene zingabweretse ntchitozo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kuti kalumoko kamete eni mudzi popanda kuwacheka, mlendo ayenera kulowera pakhomo, zikalata zake zikhale zoona, ndipo amene amulozera njira akhale anthu oti angathe kunena poyera, pamaso pa mfumu ndi pamaso pa boma, chifukwa chimene adamutumizira kwa loya ameneyo.